Tsiku limene ndinakaniza amalume kutsegula mgolo

Ndinali ndi zaka ngati khumi, mwina kupitirirapo, pakuti kwathu tsiku lobadwa mwana silinkalembedwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti dziko linali litangoyamba kudzilamulira, anzanga ena anali atayamba kale sukulu ku mishoni ya Kasina, ndipo ine ndinali ndikuthamangitsabe mbuzi m'makwawa. M'mawa ndinkawaona akutsetsereka atapanira masileti m'khwapa, milomo ili mbuu ndi chisanu, ndipo ndinkawasirira mpaka chisanu chawocho. Chaka chimenecho ndi chimene abambo anabwera ndi chitsulo chija. Mpaka lero ndikachikumbukira mtima umandiwawa, ndipo sindidziwa bwinobwino kuti ndikwiyire ndani.

Abambo ankagwira ntchito kwa mzungu wina woyang'anira nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza. Sanali khukhi ayi, anali wosesa pabwalo ndi wowaza nkhuni. Mzunguyo pobwerera kwawo anagawira antchito ake katundu amene sakanatha kunyamula. Khukhi anapata njinga. Wochapa zovala anapata bedi lachitsulo. Abambo, monga mwa nthawi zonse, anali kumapeto, ndipo anawalozera chinthu chimene chinali chitatayidwa m'udzu kuseri kwa khola la nkhuku: mgolo waukulu wogona cham'mbali pa miyendo inayi, kamgolo kena kolumikizidwa cham'munsi kumbali imodzi, ndi chumuni kumbali inayo. Anapempha ngolo ya munthu wina, nadutsa nacho pakati pa mudzi dzuwa lili paliwombo, aliyense akuona.

"Alamu atibweretsera sitima," anatero amalume a Gelevazio atapinda manja pachifuwa. "Njanji yake mukatenga mawa?"

Anthu anaseka, ndipo dzinalo linakanirira. Amalumewa anali mlongo wamkulu wa amayi, mwini mbumba. Munda umene tinkalima unali wa kwawo kwa amayi, malo amene panali nyumba yathu anachita kuloza iwo, ndipo ife ana tinali awo. Abambo anali mkamwini wochokera ku Mphunzi. Pamudzi paja analibe chawo kupatula khasu, nkhwangwa ndi jekete lakale limene mzungu uja anawapatsa chaka china. Tsopano anali ndi sitima.

Iwo okha ndi amene ankadziwa ntchito yake, chifukwa ndi amene ankasonkhezera moto mzungu akamawamba nkhumba. Anafotokoza kuti moto umayatsidwa m'kamgolo kakang'onoko, nyama imagonekedwa mu waukuluwo, ndipo ziwirizi sizionana. Utsi ndi kutentha ndi zimene zimayenda kuchokera kumoto, kudutsa panyama, kukatulukira ku chumuni, pang'onopang'ono kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka.

"Moto kwina, nyama kwina?" anafunsa mayi wina amene mwamuna wake anali kumigodi. "Umenewo ndiye ukwati wanga wa ku Joni. Palibe chipse mmenemo."

Chinthucho chinali chitatheratu. Dzimbiri linali litadya pansi pa kamgolo ka moto mpaka munthu n'kumaona nthaka. Chitseko cha mgolo waukulu chinkalendewera mbali imodzi. M'chumuni munali chisa cha makoswe, ndipo mwendo umodzi unali wopindika. Nyengo yonse yokolola inathera pamenepo. Anzathu akukumba mbatata ya kachewere, ife tinali kukwecha dzimbiri ndi zidutswa za njerwa ndi mchenga wa kumtsinje, zala zikusupuka. Abambo anadula chitsulo cha wilibala yakufa, nachiwongola ndi hamala, n'kuchikhoma pansi pa kamgolo kaja. Misomali ankaidula n'kuiphwanya mbali zonse ziwiri kuti igwire chigambacho. Pogonekapo nyama analuka ndi waya wa mpanda, chogwirira chitseko anasema ndi mtengo wa msuku, ndipo timipata totsala anatimata ndi dongo la pachulu.

Tsiku lina abambo atapita ku boma, amayi anawamvera chisoni. Anaona kuti m'kati mwa mgolo muli bii, natenga phulusa ndi mchenga, n'kukwecha tsiku lonse mpaka chitsulo chinayera mbee. Abambo atabwera anasuzumira, kenaka anakhala pansi n'kugwira kumutu. Kuda kumene kuja, mafuta ndi utsi wa zaka zambiri, ndi kumene kunkateteza chitsulo ndi kukometsa nyama.

"Anabanda," anatero motsitsa, "mwatsuka chimene ndimati ndigulitse."

Zitatero anayamba kupaka mafuta a nkhumba m'katimo n'kumayatsa moto mulibe kanthu, tsiku ndi tsiku, kufikira kuda kunabwerera. Mudzi unapezanso choseka: akamwini akuwamba mphepo. Nkhuni nazo zinali ndi mwambo wake. Kwathu makungwa ndi zodula za paini zinali ponseponse, koma abambo anazikana, ati utomoni wake umasandutsa nyama kukhala mankhwala. Ndinayenda m'madimba kutola nthambi zouma za mapichesi, ndi kuphiri kukafuna msuku.

Zonsezi ndinkapirira chifukwa cha lonjezo. Mbusa wa ng'ombe za amalume anali atathawira ku esiteti ya fodya, ndipo amalume anali atanena kale kuti ine ndilowe m'malo mwake kudambo. Amayi anawadandaulira kwambiri, mpaka analola monyinyirika: ngati alamu apeza okha fizi ndi yunifolomu, mwana apite kusukulu. Ananena choncho podziwa kuti ntchito ya abambo inapita ndi mzungu. Choncho nkhani inali yachidule. Sitima ikagulidwa, ine sukulu. Ikapanda kugulidwa, ine ng'ombe.

Wogula anapezeka. Anali a Zuze, mwini bala ina ku boma, kumene kunkamwera anthu ochokera kutsidya kwa malire ozolowera nkhumba yowamba. Anati iwo sagula chimene sanalawe. Abambo akonze mwendo wa nkhumba, iwo adzabwera Loweruka madzulo pa lole yonyamula mbatata, ndipo nyama ikakhala bwino adzakweza mgolowo pompo. Mwendowo abambo anasinthanitsa ndi jekete lawo lija, m'mwezi wa Juni, ku Dedza. Anthu a kwathu akumva chimene ndikunena.

Loweruka kunacha ndi nkhungu yoti nyumba ya mnzako osaiona. Abambo anayatsa moto, nagoneka nyama imene inagona mumchere, natseka chitseko mosamala ngati akufunditsa khanda. Kenaka anandiitana.

"Lusiyano, moto usamalilime, uzingonyeka. Ukafooka, ika nkhuni imodzi. Koma chachikulu ndi ichi: chitseko ichi chisatsegulidwe. Ukatsegula, kutentha konse kwathawa, tayambanso poyamba. Wamva?"

Ndinati ndamva. Iwo anapinda manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira, nati akupita kumsewu kukadikira lole. Lole yake yobwera madzulo. Nthawi imeneyo sindinadabwe nazo.

Nkhungu itayamba kubalalika, fungo linayamba kuyenda m'mudzi, ndipo anthu anayamba kukumbukira kuti njira yawo imadutsa pakhomo pathu. Oyamba anali akatekisiti, akuchokera kokaona wodwala. Ndinanjuta, ndinawomba m'manja, n'kuyamba kunena motsitsa mawu kuti abambo anati. Ndisanafike pa mawu oti chitseko, iwo anali atatsegula kale, mutu uli m'kati. Utsi wonse umene ndinausunga kuyambira m'mamawa unatuluka kamodzi n'kukwera kumwamba.

"Sinapse," anandiuza, ngati akundipatsa uthenga wofunika, nasiya chitseko chosatseka bwino.

Kenaka anabwera atcheyamani a chipani a m'dera lathu. Iwowa chitsulochi chinkawakayikitsa kuyambira tsiku loyamba, pakuti kutsidya kwa malire kunali nkhondo, ndipo chumuni chija ati chinkafanana ndi mzinga. Anati ndi udindo wawo kuona chimene chili m'katimo. Masiku amenewo ngakhale munthu wa imvi sakanayerekeza kukaniza atcheyamani, nanga ine wa kabudula wobooka kumatako? Anatsegula, nayang'ana nthawi yaitali ngati zigawenga zabisala pansi pa mwendo wa nkhumba. Anabaya nyama ndi chala, nanyambita chalacho, napita. Pasanathe nthawi anabwereranso kudzatsimikiza.

Amayi aakulu, akulu awo a amayi, sanangotsegula chabe. Iwo anaona kuti vuto ndi moto umene uli kutali, ndipo anabwera ndi makala paphale kuti awathire pansi pa nyama, atithandize. Ndinalira misozi ndi mamina kufikira anabwerera nawo makala awo akung'ung'udza kuti ana a masiku ano sayamika. Anabweranso ena amene sindikuwakumbukira bwino. Aliyense ankatsegula, aliyense ankati sinapse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti siikupsa chifukwa cha iyeyo. Koma anthu! Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula uziyang'ana pansi, akatambasula dzanja uzipatuka. Palibe anali atandiphunzitsa mmene mwana amakanizira wamkulu, chifukwa chinthu chimenecho kwathu kunalibe.

Dzuwa litafika pamutu abambo anatulukira. Anaika chikhatho pamgolo, nkhope yawo inasintha. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe kumene anthu sakanationa, nandipotokola khutu mpaka ndinaima ndi zala za kumapazi.

"Mgolo wazizira ngati mwala. Ndinakuuza chiyani? Sukuluyo ukuifuna kapena ayi?"

Ndinatchula onse amene anatsegula. Anati zimenezo alibe nazo ntchito, kaya abwere ndani, chitseko chisatsegulidwenso.

"Ngakhale amalume?" ndinafunsa.

Anayang'ana kumbali. "Kodi ndati kupatula ndani?"

Anakonza moto, nadikira kuti chitsulo chitenthenso, nabwerera kumsewu kuja.

Madzulowo kunakhala bata. Utsi unkatuluka woonda, wobiriwira pang'ono, wonunkhira mapichesi. Mafuta ankamveka kudontha m'katimo. Khutu linkandiwawa, koma mtima unayamba kukhala pansi. Ndinkadziona nditapanira sileti. Ndiye ndinamva mawu a amalume akuchokera kumowa wa masese, ali ndi anzawo awiri. Anakhota n'kulunjika pamgolo, akutsegula kampeni kawo ka m'thumba.

"Tiyeni tilawe za m'sitima, tione ngati alamu sakuchititsa manyazi mudzi wanga kwa alendo."

Sindinanjute. Ndinaimirira pakati pa iwo ndi chitseko, manja onse kumbuyo nditagwira chogwirira chija.

"Abambo akana," ndinatero.

"Wati chiyani, mphwanga?"

"Abambo akana. Simutsegula."

Ndinanena mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Azimayi amene anali pamtondo anasiya kusinja. Mmodzi wa anzawo a amalume anaseka n'kunena kuti, "A Gelevazio, pamudzi pano pali mfumu ina yomwe simunatiuze." Ndinayembekeza khofi, ndipo bwenzi atandimenya zikanathera pomwepo. Koma amalume anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, napinda kampeni kawo pang'onopang'ono, nakabweza m'thumba. Anatembenuka n'kumapita, anzawo akutsatira.

Lole inafika dzuwa litapendeka. A Zuze anali munthu wamfupi wa chipewa chaubweya, ndipo anazungulira mgolo akugogoda ndi chala paliponse pamene abambo anaika chigamba. Anatsegula ndi kutseka kachitseko ka moto, nagwedeza miyendo, nasuzumira m'chumuni. Ndiye abambo anatsegula chitseko chachikulu okha. Nyama inali yofiirira kunja ngati mtengo wa mlombwa, ndipo mpeni utalowa, m'kati munali mofewa, mukutuluka madzi. A Zuze anatafuna atatsinzina. Anadulanso kachiwiri osapempha. Anakambirana ndi abambo chapambali, nagwirana chanza, ndipo anyamata a palole anathira madzi pamoto n'kukweza mgolo udakali wofunda pamwamba pa matumba a mbatata. Anthu omwe aja ankaseka anathandiza kunyamula. Abambo anandidulira kachidutswa, nandisisita pamutu. M'moyo mwanga sindinalawenso nyama ngati imeneyo, ndipo sindinawaonenso abambo akuyenda mowongoka ngati madzulo amenewo.

M'mawa mwake titachoka kutchalitchi, amalume anatumiza mwana kudzaitana amayi, abambo ndi ine. Anakhala pampando pakhonde pawo, ife pansi. Amayi aakulu analiponso. Amalume anayankhula modekha. Anati iwo chibadwire sanaonepo mwana akutsekereza amalume ake pamaso pa alendo, pamalo amene anachita kupereka okha. Anati mwana sanena zake, amanena zimene wamva m'nyumba. Kenaka anatembenukira kwa abambo.

"Alamu, tinene zoona pano. Munamutuma ndinu kuti andikanize?"

Ndinawayang'ana abambo. Sindinkakayika konse. Iwo ankatokosa nthaka ndi kachitsotso.

"Ine ndinangoti ayang'anire moto," anatero. "Zinazo ndi zachibwana."

Amalume anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira chimene amafuna. Anati ngati zili choncho, ndiye kuti mwanayu ndi wamwano mwa iye yekha, ndipo mwana amene akukaniza amalume ake asanadziwe n'komwe kulemba dzina, akadzaphunzira Chingerezi adzatithamangitsa m'mudzi. Ayambe wapita kudambo, ng'ombe zikamuphunzitse ulemu. Za sukulu tidzaona. Amayi anayesa kuyankhula, koma amayi aakulu anawagwira pabondo. Ine ndinafuna kunena za kuseri kwa nkhokwe, koma ndinaweramitsa mutu. Dzulo lake ndinali nditatsutsa wamkulu mmodzi ndipo ndinali nditaona mtengo wake. Sindikanathanso kutsutsa wachiwiri.

Ndalama za sitima zinagula tambala wopepesera amalume, makhadi a chipani a banja lonse, ndi mchere. Zotsala sindidziwa kumene zinapita. Ine ndinapita kudambo. "Tidzaona" ija inatenga zaka zambiri, mpaka amalume atagulitsa ng'ombe zawo chifukwa cha matenda. Ndinalowa Sitandade 1 mawu atayamba kale kukhuthala, ndipo ankandikhazika kumbuyo kuti ndisatchinge tiana. Tiana timeneto tinkanditchula kuti abambo a kalasi. Aphunzitsi akafuna womutuma nkhuni, anali ine.

Abambo sanakhalitse pamudzi paja. Dzinja lotsatira ananyamuka kupita ku esiteti cha ku Kasungu, ati akapezeko poyambira. Tsiku lonyamuka anadzera kudambo kudzanditsanzika. Ndinawaona akubwera patali, atanyamula kamtolo, opanda jekete. Ndinakusa ng'ombe n'kuwolokera tsidya lina la mtsinje. Anaima kanthawi akuitana dzina langa, kenaka anapita. Anabwerako kawiri kapena katatu pa zaka zotsatira, monga mlendo, ndipo nkhani ya mgolo sitinaikambepo.

Kwa nthawi yaitali ndinkadziimba mlandu ndekha. Ndinkati ndikanangopatuka. Pa ola limene amalume anafika, nyama inali itatsala pang'ono kupsa, ndipo kachidutswa kamodzi sikakanaononga kanthu. A Zuze sakanadziwa n'komwe. Ndinalola akatekisiti, atcheyamani ndi mudzi wonse pamene kutsegula kunkaononga, n'kudzakaniza munthu mmodzi yekhayo amene anali ndi mphamvu pa ine, pamene kutsegula sikukanavuta. Ndikaganiza zimenezi, ngakhale pano pamene mano atha m'kamwa, ndimadzuka pampando n'kuyamba kuyendayenda pabwalo.

Koma nditakula, nanenso n'kukakhala chikamwini kwa eni, ndinayamba kuona zimene mwana sakanaona. Abambo sanapite kumsewu m'mamawa chifukwa cha lole. Ankadziwa mudzi umene ankakhalamo, ankadziwa kuti fungo lidzaitana ndani, ndipo ankadziwa kuti iwo sangathe kuuza mlamu wawo kapena atcheyamani kuti chotsani dzanja. Mawu amene ankawalemera anandisenzetsa ine, n'kukabisala kumsewu. Amalume nawonso sankalimbana ndi ine. Chinawapweteka n'chakuti mkamwini wa khasu limodzi wapanga chinthu chimene chatheka, popanda iwo, ndipo anandilanga ine chifukwa ndinali chokhacho cha abambo chimene chinali m'manja mwawo. Amuna awiri aakulu anaopana kuyang'anizana, ndiye anakumanirana pamsana pa mwana.

Chimene ndinatolapo n'chochepa, ndipo ndinachigula modula: mawu amene wamkulu akuopa kunena yekha asatumire mwana, ndipo ngati wamutuma, tsiku la mlandu aimirire n'kunena kuti ndinamutuma ndine. Mantha a abambo ndikuwamvetsa tsopano. Analibe munda, analibe nyumba, ndipo akanavomera pakhonde paja mwina akanawapirikitsa tsiku lomwelo. Kumvetsako sikunazimitse mkwiyo wonse, koma kunandifikitsa poti ndikanakonda kuwauza kuti ndamva. Ndinachedwa. Pamene ndinkadziwa kulemba mokwanira kuti ndiwatumizire mawu ku Kasungu, anali ataikidwa kale kumeneko, pakati pa anthu achilendo.